Wotchi Yopanda Matumbo: Mmene Ndinaphunzirira Kuzindikira Mawotchi Amagetsi Agalasi

Mawu Oyamba

Pamwamba pa kabati ya mbale m'nyumba ya agogo anga aamuna ku Zomba pankakhala wotchi imene ana tonse tinkaikonda komanso kuiopa. Inali ndi tsinde looneka ngati golide. Pamwamba pa tsindelo panali mkombero wozungulira, ndipo m'kati mwa mkomberowo munali galasi loonekera mbali zonse. Pakati pa galasilo panali mivi iwiri. Ukasuzumira unkaona khoma la kuseri kwake, koma sunkaona waya kapena giya yolumikiza miviyo ndi tsinde. Komabe agogo akaiyatsa, zimene ankachita kukabwera alendo okha, miviyo inkayenda. Anzathu oyandikana nawo nyumba anaitcha wotchi yopanda matumbo, ndipo ena ankanong'onezana kuti mkuluyo anabwera ndi matsenga kuchokera ku America, kumene anakaphunzira kuyambira 1963 mpaka 1965.

M'nkhani ino ndifotokoza chiyambi cha mawotchi a mtundu umenewu, mmene amayendera, ndiponso njira zimene munthu angatsate pofuna kudziwa mtundu, zaka ndi mtengo wa wotchi yotere. Sindinaphunzire zimenezi mwachisangalalo chabe ayi. Ndinali ndi mlandu umene ndinausunga mumtima zaka zisanu ndi ziwiri.

Mlandu Wanga

M'chaka cha 2014, ndili ndi zaka 11, ndinatsala ndekha pakhomo. Ndinafuna kuonetsa mnzanga zodabwitsa za wotchiyo. Agogo ankailumikiza ku khoma kudzera m'kabokosi kolemera kachitsulo kamene ankakasunga kuchipinda kwawo, koma ine ndinkaganiza kuti ntchito ya kabokosiko inali kungothandiza pulagi kulowa m'soketi. Ndinatenga adaputa ya tchaja ya foni n'kusomeka wotchiyo ku khoma. Inalira pang'ono ngati njuchi, kenaka m'chipinda munamveka fungo la chinthu chopserera. Ndinaizula msangamsanga, ndinatsegula mawindo, ndipo sindinauze munthu aliyense. Kuyambira tsiku limenelo wotchiyo siinayendenso.

Agogo anatisiya mu 2021. Pogawa katundu wa masiye, wotchiyo inabutsa mkangano. Amalume anati ndi chitsulo chakufa, ndipo anali atapeza kale munthu wogula zitsulo zakale woti aitenge. Azakhali a amayi anaumirira kuti ndi golide weniweni amene angagule galimoto. Mbale wina anati itayidwe chifukwa chinthu choyenda chopanda injini sichiyenera kukhala m'nyumba ya Akhristu. Ine ndinapempha kuti andipatse mwezi umodzi ndifufuze. Amalume anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe mphwanga, popeza ndiwe wasukulu, fufuza. Koma mwezi ukatha osatiuza zomveka, ipita kwa wa zitsulo."

Chiyambi cha Mawotchi Odabwitsa

Azungu amatcha mawotchi awa mystery clocks, kutanthauza mawotchi obisa chinsinsi cha kayendedwe kake. Munthu amene anawatchukitsa ndi Jean-Eugène Robert-Houdin wa ku Blois m'dziko la France, yemwe anabadwa mu 1805 n'kumwalira mu 1871. Iyeyu anali wokonza mawotchi komanso katswiri wa masewero ozunguza maso, ndipo Harry Houdini anatenga dzina lake la pasiteji kwa iyeyu. M'zaka za m'ma 1830 Robert-Houdin anapanga mawotchi okhala ndi nkhope yagalasi. Chinsinsi chake chinali chakuti muvi unamatidwa pa galasi lachiwiri lozungulira, limene linkatembenuzidwa ndi mano obisika m'mphepete.

Mu 1912 kampani ya Cartier ya ku Paris inatulutsa wotchi yotchedwa Model A, imene inapangidwa ndi mmisiri Maurice Couët. Muvi uliwonse unali ndi mbale yakeyake yoonekera, ndipo mbale iliyonse inali ndi mano m'mphepete. Mawotchi a Cartier anali a anthu olemera kwambiri, ndipo ankayenda ndi sipuling'i yopukusa ndi kiyi, osati magetsi.

Chimene chinafikitsa mawotchi otere m'nyumba za anthu wamba ndi mota yaing'ono yoyendera magetsi a kukhoma. Henry Warren wa ku Ashland, m'chigawo cha Massachusetts, analandira chiphaso cha umwini wa mota yotere mu 1918, ndipo mawotchi ake ankadziwika ndi dzina loti Telechron. M'zaka za m'ma 1930 Leendert Prins, mbadwa ya ku Netherlands, anakonza njira yoyendetsera wotchi yagalasi ndi mota ya mtundu umenewu. Mawotchi otsata njira yake anagulitsidwa ndi kampani ya Etalage Reclame ya ku New York. Pambuyo pake kampani ya Jefferson Electric ya ku Bellwood, pafupi ndi Chicago m'chigawo cha Illinois, inatenga ufulu wa njirayo, ndipo mu 1949 inatulutsa wotchi yotchedwa Golden Hour. Wotchi imeneyi inapangidwa mpaka 1991, ndipo ndi imene osonkhanitsa mawotchi akale amakumana nayo kawirikawiri. Kampani yomweyo inapanganso ina monga Golden Minute, Golden Helm, imene mkombero wake umaoneka ngati chiwongolero cha sitima yapamadzi, ndi Suspense, imene imayendetsedwa ndi tcheni.

Mmene Golden Hour Imayendera

Nditatembenuza wotchi ya agogo ndinapeza dzina la Jefferson Golden Hour pansi pa tsinde. Kuchokera pamenepo ntchito yanga inapepuka, chifukwa wotchi imeneyi inalembedwa kwambiri m'mabuku ndi pa intaneti.

Chinsinsi chake n'chapafupi kuposa mmene ndinkaganizira. Mota ili m'tsinde. Galasi linamatidwa ndi guluu m'mphete yachitsulo yokhala ndi mano kunja kwake, ndipo mpheteyo inabisika m'kati mwa mkombero wagolide uja. Giya yaing'ono yochokera ku mota imaluma mano a mpheteyo, ndipo galasi lonse limazungulira kamodzi pa ola. Popeza galasilo lilibe chizindikiro chilichonse, diso siliona kuti likuyenda. Manambala sanalembedwe pa galasi koma pa mkombero, umene susuntha. Muvi wautali wa mphindi umagwira kamtengo kachitsulo kamene kali pakati pa galasi, motero umangoyenda limodzi ndi galasilo.

Funso limene linandivuta ndi la muvi waufupi. Ngati galasi limazungulira kamodzi pa ola, nanga muvi wa maola umatha bwanji kuzungulira kamodzi pa maola 12? Yankho lili pa kachitsulo kolemera kamene kali kumbuyo kwa mivi, kamene ife ana tinkakayesa chokongoletsa. Kachitsuloka kamalendewera momasuka pa kamtengo kaja, ndipo chifukwa cha kulemera kwake nthawi zonse kamaloza pansi ngakhale galasi likuzungulira. M'kati mwake muli timagiya. Kamtengo kakamazungulira kamayendetsa timagiyato, ndipo ito timachepetsa liwiro kakhumi ndi kawiri tisanalipereke ku muvi waufupi. M'wotchi wamba timagiya totere timakhazikika pa chitsulo chosasuntha. M'wotchi iyi malo okhazikikawo amaperekedwa ndi mphamvu yokokera zinthu pansi. Choncho matumbo a wotchiyi alipo ndithu, koma ena anabisika m'tsinde ndipo ena ali poyera, pamene aliyense amawaona koma osawazindikira.

Njira Zozindikirira

Choyamba, munthu asayambe ndi kusomeka wotchi ku magetsi. Ayambe ndi kuwerenga. Pansi pa tsinde kapena kumbuyo pamakhala dzina la kampani, dzina la wotchi, nambala ya mtundu wake, ndi mphamvu ya magetsi imene imafunika. Pa Golden Hour nambala yodziwika ndi 580-101. Ndikanawerenga mawu ochepawa mu 2014, bwenzi nkhani ino kulibe. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Chachiwiri, munthu aone chimene chimayenda. Njira yake ndi kumata kachidutswa ka tepi m'mphepete mwa galasi, wotchi ili pa magetsi oyenera, n'kudikira mphindi khumi ndi zisanu. Tepi ikasuntha gawo limodzi la magawo anayi a mkombero, ndiye kuti ndi wotchi ya njira ya Prins ndi Jefferson. Tepi ikakhala pomwepo koma mivi n'kuyenda, ayang'ane nsonga ya muvi wautali. Pa wotchi yotchedwa Golden Vision, imene kampani ya Haddon ya ku Chicago inapanga m'zaka za m'ma 1950, galasi silisuntha. Nsonga ya muvi wautali imafika mpaka mumkombero, mmene mphete yobisika imaikoka. Pa wotchi ya Smiths ya ku England ya m'zaka za m'ma 1930, galasi lapakati silizungulira koma limagwedera pang'onopang'ono uku ndi uku, ndipo kugwederako ndi kumene kumakankha mivi. Ngati muvi uliwonse uli pa galasi lakelake, ndiye kuti wopanga anatsata njira yakale ya Couët. Wotchi yakufa ngati yathu, munthu angathe kuiyang'ana cham'mbali n'kuwerenga magalasi, kuona ngati nsonga ya muvi ikukhudza mkombero, ndi kufufuza kachitsulo kolendewera kumbuyo kwa mivi.

Kuyesa kumeneku n'kofunika chifukwa mayina amasocheretsa. Golden Hour ndi Golden Vision amamveka ngati ana a mayi mmodzi, ndipo patali amafanana, koma ndi a makampani awiri osiyana ndipo zipangizo zawo sizisinthanitsidwa.

Chachitatu, munthu afufuze zaka. Popeza Golden Hour inapangidwa kwa zaka zoposa 40 osasintha kwambiri maonekedwe, diso lokha silingasiyanitse ya 1952 ndi ya 1985. Zambiri zili ndi chidindo cha tsiku kapena chaka m'kati mwa tsinde, chimene chimaoneka munthu akamasula chivundikiro cha pansi. Nditamasula yathu ndinapeza chidindo chosonyeza 1958. Apa ndinadziwa kuti agogo sanaigule yatsopano, ndipo amayi anakumbukira kuti inali mphatso yochokera ku banja limene linkawasunga. Ngati chidindo chinafufutika, pali zizindikiro zina. Manambala a positi otchedwa ZIP code anayamba ku America mu 1963, choncho keyala yokhala ndi nambala yotere ikusonyeza kuti chinthucho chinapangidwa chakacho chitafika kapena chitadutsa. Ndiponso zinthu zakale zimalembedwa kuti 60 cycles, pamene zapambuyo zimalembedwa kuti 60 Hz.

Chachinayi, munthu aone zimene zinasinthidwa. Osonkhanitsa amafuna wotchi yokhala ndi mivi yake yeniyeni, galasi losang'aluka, ndi golide wosasupuka. Matenda odziwika a Golden Hour ndi guluu wogwira galasi kuuma, moti mota imalira, mphete imazungulira, koma galasi limaterereka ndipo wotchi imachedwa. Ena ndi kutha kwa mano a giya yaing'ono ndi kuuma kwa chingwe cha magetsi. Chingwe chophwanyika chiyenera kusinthidwa ngakhale chikhale chakale chotani, pakuti moyo wa munthu umaposa ukale wa chinthu.

Nkhani ya Magetsi

Pansi pa wotchi ya agogo panalembedwa mavolti 115 ndi 60 cycles. Magetsi a m'nyumba za ku Malawi ndi a mavolti 230. Ine ndinapatsa motayo mphamvu yowirikiza kawiri, ndipo timawaya take tinapsa. Kabokosi kolemera ka agogo kanali thiransifoma yotsitsa mavolti.

Koma nambala yachiwiriyo inamasula mwambi wina wa pabanja pathu. Ngakhale wotchiyo isanapse, siinkasunga nthawi. Agogo ankaikonza alendo akamafika, koma pofika nthawi yotsanzikana inkakhala itatsalira kutali. Tinkaseka kuti ikulondola nthawi ya ku America. Zoona zake n'zakuti mota ya mtundu wa Warren ilibe chowerengera nthawi chakechake. Magetsi a kukhoma amasinthasintha mbali yolowera, ndipo motayo imazungulira motsatira kusinthaku. Ku America kusinthaku kumachitika ka 60 pa sekondi, pamene ku Malawi, monganso ku Britain, kumachitika ka 50. Thiransifoma imasintha mavolti okha, osati kugunda kumeneku. Choncho wotchi ya ku America ikakhala kuno imayenda magawo asanu mwa magawo asanu ndi limodzi a liwiro lake. Pa ola lililonse imayenda mphindi 50, kutanthauza kuti imataya mphindi 10 pa ola ndi maola 4 pa tsiku. Kuti iyende bwino pamafunika kachipangizo kosintha mavolti ndi kugunda komwe. Wotchi ya Smiths ndiye ikanagwirizana ndi magetsi athu, chifukwa inapangidwira magetsi a ku Britain. Ngakhale zili choncho, wotchi iliyonse ya mtundu uwu imaima magetsi akazima, ndipo akabwera ambiri mwa mawotchiwa amangopitiriza pamene analekezera. Munthu wodalira wotchi yotere m'nyengo ya kuzimazima kwa magetsi angachedwe ku mayeso.

Chenjezo la Utoto Wowala

Pali chinthu china chimene ndinachipeza n'kuchita nacho mantha. Mawotchi a Golden Hour a m'zaka za m'ma 1950 anapakidwa utoto wowala mumdima pa mivi ndi pa manambala, ndipo utotowo unali ndi radium. Mankhwala amenewa ndi amene anadwalitsa ndi kupha atsikana ambiri opaka nkhope za mawotchi ku Orange, m'chigawo cha New Jersey, ndi ku Ottawa, m'chigawo cha Illinois, m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Iwo ankasongola burashi ndi milomo, motero ankameza utotowo tsiku ndi tsiku.

Utoto wa pa wotchi yathu unasiya kuwala kalekale, koma zimenezi sizitanthauza kuti mphamvu yake inatha. Chimene chimafooka ndi mankhwala otulutsa kuwala. Radium yeniyeniyo imatenga zaka pafupifupi 1,600 kuti mphamvu yake itsike ndi theka. Choopsa chachikulu ndi fumbi la utotowo likalowa m'kamwa kapena m'mapapo. Pa wotchi wamba mivi imakhala kuseri kwa galasi, koma pa Golden Hour ili pamtunda, pamene dzanja la mwana limafika. Choncho munthu asapale utotowo, asaupukute ndi burashi, asambe m'manja akagwira mivi, ndipo asunge wotchiyo m'kabati yotseka, kutali ndi ana ndi chakudya. Ndikakumbukira kuti yathu inakhala zaka zambiri pamwamba pa mbale zodyera, thupi limachita tsembwe. Mbale uja amene ankati wotchiyi ili ndi choipa chosaoneka sanalakwitse kotheratu, kungoti analoza mbali yolakwika.

Za Mtengo Wake

Azakhali anakhumudwa nditawauza za golide. N'zoona kuti Golden Hour inakutidwa ndi golide weniweni, koma ndi kachikuto kopyapyala kwambiri pamwamba pa chitsulo wamba, moti munthu akapukuta mwamphamvu ndi mankhwala owalitsira zitsulo amakachotsa. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mtengo wa chinthu chakale umadalira kusowa kwake, ubwino wake, ndi kuchuluka kwa ochifuna. Mawotchi a Cartier anapangidwa ochepa ndi manja, ndipo amagulidwa ndi ndalama zochititsa kakasi. Golden Hour inapangidwa yambirimbiri m'fakitale ndipo inkaperekedwa ngati mphatso ya ukwati kapena yopumira pantchito, choncho mtengo wake ndi wapakatikati. Ya mota yopsa imatsikanso. Komabe imaposa kutali mtengo wa chitsulo choyeza pa sikelo, ndipo mota zolowa m'malo mwa zakale zimapezeka kwa ogulitsa zipangizo za mawotchi ku America.

Mawu Athu pa Zinthu Zachilendo

Monga wophunzira chiyankhulo, ndinapindulanso m'njira ina. Pofotokozera abale anga, amene ena sadziwa Chingerezi, ndinakakamizika kupeza mawu. Ndinaona kuti Chichewa sichisowa chonena. Azungu amati wotchi ili ndi manja, ife timati ili ndi mivi, ndipo fanizo lathu n'loyenera kwambiri pakuti muvi umaloza. Mano a giya aliyense anawamva. Mawu oti mkombero, amene timawadziwa pa lichero ndi pa dengu, anakwana bwino lomwe. Kachitsulo kolendewera ndinakayerekeza ndi kachitsulo kamene amisiri omanga nyumba amamangirira ku chingwe poyeza khoma, ndipo amalume, amene anagwirapo ntchito ya zomangamanga, anagwedeza mutu nthawi yomweyo. Pamene ndinabwereka mawu monga mota, giya ndi thiransifoma, ndinatero chifukwa ndi amene okonza njinga ndi mawayilesi amagwiritsa kale ntchito. Ndinaphunzira kuti munthu amene sangathe kufotokoza chinthu m'chiyankhulo chake ndiye kuti sanachimvetse.

Mawu Omaliza

Mwezi utatha banja linakhala pansi. Ndinaika wotchi patebulo, ndinatembenuza galasi pang'onopang'ono nditavala pepala lapulasitiki kudzanja, ndipo onse anaona muvi wautali ukuyenda nalo pamene kachitsulo kakumbuyo kankangoloza pansi. Ndinafotokoza za dzina, za chaka cha 1958, za golide, za utoto, ndi za mphindi khumi zotayika. Pomaliza amalume anafunsa kuti, "Nanga chinaipha n'chiyani?" Apa ndinaulula zonse za tsiku lija la adaputa.

Panakhala chete. Kenaka amayi anati, "Agogo ako anadziwa tsiku lomwelo. Fungo linali lisanathe, ndipo mawindo unawasiya otsegula m'mwezi wa June. Anandiletsa kukukalipira. Anati wotchi inakuphunzitsa kale."

Amalume anagamula kuti wotchiyo ikhale m'manja mwanga, ndipo kuti amene anaipha ndi amene aidzutse. Lero ili m'kabati yagalasi yokiya kunyumba kwa amayi. Ndikusunga ndalama pang'onopang'ono zogulira mota ndi kachipangizo kosintha magetsi. M'kati mwa kabatiyo ndinaikamo kapepala kolembedwa m'Chichewa, kofotokoza dzina la wotchi, chaka chake, mphamvu ya magetsi imene imafuna, ndi chenjezo la utoto, kuti mwana wina wa zaka 11 akadzatsala yekha pakhomo adzayambe wawerenga.